Waya Wotuwa

1972, Zomba

Ana anga, mumandiseka kuti ndikapita kukagula penti kapena nsalu ndimangoloza ndi chala, mtundu wake sinditchula. Mumati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Werengani mutu uno mudziwe kumene zinachokera, komanso mudziwe munthu wina dzina lake a Kayira, amene sindikufuna kuti dzina lake lilowe nane m'manda.

Ntchito ya boma ndinaiyambira m'galaja ina ku Zomba, ndili mnyamata wochokera ku Dedza wodziwa kuthina mabawuti basi. Bwana wanga woyamba anali a Likoswe, mkulu wamfupi wa ku Chiradzulu amene ankakalipa ngakhale pomuyamikira munthu. Iwo ndi amene anandiika ku mbali ya mawaya. Galimoto za masiku amenewo zinali zachingerezi, ndipo ndinkazikonda chifukwa zinalibe chinsinsi. Chilichonse chinkatsekuka. Galimoto ikakana kulira, unkatsekula pamene pali mapointi, tizitsulo tiwiri timene timagundana ndi kulekana kuti moto upite ku mapulagi, n'kutipala ndi sandipepa, n'kuyeza mpata wake ndi kakatoni ka machesi, basi ulendo ulipo. Dayinamo ikasiya kudzaza batire, unkaimasula n'kuona ndi maso ako chimene chatha. A Likoswe anali ndi lamulo limodzi, lakuti mitundu ya mawaya tizitchula m'Chingerezi. "Iwe Mbewe," ankatero, "ukati wofiira ukunena uti, redi kapena bulawuni? Ukati wobiriwira, gilini kapena buluu? Chichewa ukafunsire mbeta, pa waya usabwere nacho." Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo, ndipo pochoka ndinkadziona kuti pa nkhani ya mawaya palibe angandiuze kanthu.

1981, Karonga

Kalata yondisamutsira ku Karonga inandipeza nditangokwatira amayi anu. Anzanga anandipepesa ngati ndaferedwa. Ena ankati kumeneko kumatentha moti dzira limapsa m'thumba, ena ankati anthu ake sudzawamva. Za kutentha sananame. Za anthu ananama, chifukwa anthu a ku Karonga ankayankhula nane Chichewa tsiku lililonse, ngakhale kuti akatembenukirana okhaokha ankabwerera ku Chitumbuka kapena Chinkhonde. Ankanditcha a Fundi, kutanthauza mmisiri, mawu amene anatengera kwa anansi awo a ku Tanzania, ndipo dzina la Mbewe linangotsala pa khadi la ntchito.

Galaja yathu inali ya ntchito za ulimi, kummwera kwa boma, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Wovwe. Zipangizo zinali zosowa kwambiri. Ukaitanitsa lamba wa fani m'chilimwe, ankafika pa sitima ya panyanja mvula itagwa kale, ndipo akafika unkapeza kuti ndi wa thirakitala. Tinkakhalira kuvula galimoto yakufa kuti tiveke yamoyo. Bwana wathu anali a Chagunda a ku Dowa, munthu woyera mtima akakhala kunyumba kwake koma wamantha kwambiri akakhala mu ofesi. Atangofika analamula kuti pa ntchito pazimveka Chichewa chokha, popeza ndicho chinali chinenero cha dziko. Sankadana ndi Chitumbuka. Ankangoopa kuti anthu akaseka m'chinenero chimene iwo samva, ndiye kuti akuseka boma, ndipo mlandu wake udzagwera iwo.

Pakati pa galimoto zathu panali ina yakale yachingerezi, ya mphamvu ku matayala onse anayi, imene tinkaitcha Ngolo chifukwa kawirikawiri inkatuluka m'matope itakokedwa ndi ng'ombe. Ngolo inkanyamula alangizi, mbewu ndi zitsulo za mapampu, koma inkanyamulanso odwala ndi amayi oyembekezera, popeza dera lonselo linalibe galimoto ina yodalirika m'dzinja. Dalaivala wake anali a Kayira a ku Uraha, bambo wamtali, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, mkulu wa mpingo. Nthawi zonse Ngolo ikalowa m'galaja, iwo ankavula malaya n'kulowa nane pansi pake. Tinacheza nkhani zambiri titagona chagada pansi pa galimoto imeneyo, za ana, za ng'ombe, za Baibulo, ndipo ankandiseka kuti anthu a ku Dedza timadya mbatata ya kachewere mpaka nzeru zimazizira.

A Kayira anali ndi chilonda chimodzi chimene aliyense ankachidziwa koma sankachitchula. Mng'ono wawo, amene anali mphunzitsi, anaoloka mtsinje wa Songwe zaka za m'mbuyo osabwereranso, ndipo masiku amenewo munthu wothawira ku Tanzania ankasiyira abale ake fungo. Chifukwa cha zimenezi a Kayira ankadzisamala kuposa aliyense. Khadi la chipani linkakhala m'thumba la pamtima. Lamulo la a Chagunda analigwira ndi manja awiri. Anzawo akamasakaniza Chitumbuka, iwo ankayankhula Chichewa chokhachokha, mpaka mawu amene tonse tinkawatchula m'Chingerezi iwo ankawafunira Chichewa chake. Sitiyaringi ankati chiwongolero. Ndinkawaseka kuti Chichewa chawo chaposa cha pa wailesi, iwo n'kumati, "A Fundi, inu munachipeza m'mabere. Ine ndinachita kuchigula, ndiye ndichigwiritse ntchito."

1987, injini yachilendo

Chaka chimenecho Ngolo inamwa madzi powoloka mtsinje wodzaza, injini n'kung'ambika. Tinayesa zonse, koma inali itapita. Mwamwayi, kapena ndinene mwatsoka, galimoto ina yatsopano ya ku Japan, ya pulojekiti ina, inagubuduzika pa mapiri a Chiweta. Thupi lake linaphwanyika koma injini inatsala yabwinobwino, ndipo akuluakulu a ku likulu analamula kuti tiike injiniyo mu Ngolo. A Chagunda, pofuna kuoneka ochangamuka, anakalonjeza ku boma kuti Ngolo idzakhala pa mdipiti wa galimoto pa tsiku limene mlendo wamkulu adzabwere kudzayendera mbewu. Anabwera kudzandiuza zimenezi akumwetulira, ngati andibweretsera mphatso.

Injini ija itafika ndinaizungulira kangapo, mutu utaima. Kuikhazika sikunali kovuta kwenikweni. Wowotcherera zitsulo anatidulira miyendo yatsopano ndi chitsulo cholumikizira ku giyabokosi, ndipo a Kayira ndi ine tinapala ndi kuboola mpaka zinagwirizana. Chimene chinandizunguza chinali magetsi. Mu Ngolo, monga mwa galimoto zakale zachingerezi, mbali ya pozitivu ya batire ndi imene inkamangidwa ku thupi la galimoto. Injini yatsopano inkafuna zosiyana, negetivu ku thupi. Ndinayenera kutembenuza galimoto yonse. Nditatembenuza, geji yosonyeza ngati batire likudzaza inayamba kuwerenga chambuyo, moti likamatha inkati likudzaza. Ndikakonza ichi, icho chinkadandaula. M'malo mwa dayinamo munali olitaneta, imene anzanga a ku Mzuzu anandichenjeza pa foni kuti ukangoilakwitsa kamodzi imafa osatsanzika. Ndipo mapointi munalibe. Ndinatsekula pamalo pake, n'kupeza kachitsulo ka mano kozungulira popanda chogunda chilichonse. Ntchito yonse ya mapointi inkachitikira m'kabokosi kakuda, kochepa ngati sopo wosambira, komata ndi phula, kopanda ngakhale sikuluu imodzi yoti munthu amasule aone m'kati.

Kabokosi kameneko ndinadana nako tsiku loyamba. Ine ndinazolowera kuti chinthu ndichitsekule, ndichione, ndikangane nacho. Aka kanali kongokhala duu, mawaya atatuluka m'mbali. Buku lake silinabwere. Ndinafunsa a Chagunda kuti kakafa tidzatani, iwo anati ndisalodze, chifukwa kena kotere m'dziko muno munalibe, ndipo kuitanitsa kunja kunkafuna chilolezo cha ku likulu. Ndinatha masiku ndikutsata mawaya ake mmodzimmodzi ndi kababu koyezera moto, mpaka ndinatsimikiza kuti uyu apita ku koyilo, awa apita ku kachitsulo ka mano kaja, uyu ku thupi. Panatsala mmodzi, wofuna moto wochokera ku kiyi, moto umene umabwera ukatembenuza kiyi n'kuchoka ukazimitsa.

Mawaya akale a Ngolo ankachokera m'kati, kuseri kwa dashibodi, n'kutulukira ku injini pa bowo limodzi, atapiringizana ngati zingwe za maungu. Tsiku limenelo a Kayira analowa m'kati n'kugona chagada pansi pa chiwongolero chawo chija, miyendo ili panja, kuti aone waya wochokera ku kiyi. Ine ndinali kutsogolo, mutu uli pansi pa boneti.

"Mwamuona?" ndinafunsa.

"Ndamuona, a Fundi. Ndi wotuwa."

Ndinayang'ana pa bowo paja. Panali mawaya ambiri, ndipo pakati pawo panali wina woyera ndi wina wotuwa ngati phulusa. Ndinagwira wotuwayo.

"Mukuti wotuwa?"

"Eya, wotuwa. Palibenso wina."

Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, kawiri konse, ndipo ndinayankhidwa m'Chichewa changa chomwe. Ndinalumikiza waya wotuwa ku kabokosi, n'kumanga batire. A Kayira anakhala pampando, n'kutembenuza kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, mosalala, mopanda kutsokomola kumene tinazolowera. Anthu anatuluka m'maofesi. A Chagunda anandigwira chanza. Kenaka ndinakweza dzanja kuti a Kayira azimitse, ndipo iwo anazimitsa, koma injini inapitiriza kulira. Ndinakuwa kuti zimitsani. Iwo anatulutsa dzanja pa windo, kiyi ali m'manja, akumugwedeza. Injini inali ikulirabe.

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anati injini za ku Japan sizidziwa kupuma, wina anati Ngolo yalowa ziwanda. Ine sindinaseke. M'zaka zanga zonse ndinali ndisanaonepo galimoto yolira kiyi ali panja. A Kayira anaponda buleki, n'kulowetsa giya, n'kusiya kilatchi, injini n'kuzima mokakamizidwa. Maganizo anga anathamangira ku olitaneta, kuti mwina ikubweza moto chambuyo. Ndinatenga sipanala kuti ndiyambe ndamasula batire kenaka ndiganize bwino.

Sindinafike pa batirepo. Pa geti panaima lole ya achinyamata a chipani, ndipo analowa akuimba mluzu kuti aliyense akwere, kuli msonkhano wokonzekera kubwera kwa mlendo. Ndinauza mtsogoleri wawo, mnyamata woti ndikanamubereka, kuti andilole ndimasule nati imodzi yokha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, nati ndi msonkhano, chachikulu n'chiti?" Funso limenelo masiku amenewo linali ndi yankho limodzi. Ndinaika sipanala pansi n'kukwera lole.

Tinakhala pa dzuwa tsiku lonse tikuphunzira poima ndi poombera m'manja. Pobwerera, fungo linatilandira tisanalowe m'galaja. Kabokosi kaja kanali katatupa, phula lake litasungunuka n'kuyenderera, koyilo ikutentha yosagwirika. Injini inali itazima, koma moto unakhala ukulowabe m'kabokosi tsiku lonse mpaka kanapsa.

M'mawa mwake ndinatenga kababu kanga n'kugunditsa pa waya wotuwa uja, kiyi ali m'thumba mwa a Kayira. Kanayaka. Ndinamutsata waya uja n'kupeza kuti sankapita ku kiyi n'komwe. Makanika wina wakale anamukoka kuchokera ku batire kuti azipatsa moto wailesi ya mauthenga imene inkakhala mu Ngolo kalekale. Wailesiyo inachotsedwa, waya n'kutsala, ali ndi moto usana ndi usiku. Mtima unandipsa. Ndinaitana a Kayira.

"Bambo Kayira, munandiuza kuti chiyani dzulo?"

"Ndinati wotuwa."

"Ndiye uyu. Taonani, sapita ku kiyi."

Anawerama, n'kuyang'ana, n'kundiyang'ana ine ngati ndamwa. "A Fundi, uyo si wotuwa. Wotuwa ndi uyu." Anagwira waya woyera.

"Ameneyo ndi woyera."

"Ndi wotuwa."

Tinaima pamenepo amuna awiri akuluakulu, aliyense atagwira waya wake, aliyense akuganiza kuti mnzake wadwala maso kapena mutu. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, mwina dzuwa la dzulo lija linandiwononga. Kenaka a Kayira anapita pa thumba la mpunga wopuntha limene mlonda anasiya pakhomo, n'kutapa pang'ono.

"Uwu ndi wotani?"

"Woyera."

"Ise tikuti utuŵa," anatero pang'onopang'ono, m'Chitumbuka, kwa nthawi yoyamba m'galaja imeneyo. "Kasi ku Chichewa kutuwa si kumeneku?"

Ndinawauza kuti kwathu chotuwa ndi chooneka ngati phulusa, ngati miyendo ya mwana amene wasamba osadzola mafuta. Anakhala pansi pa tayala. Anati zaka zonsezi ankayesa kuti mawuwo ndi amodzi, popeza amamveka chimodzimodzi, ndipo palibe anawawongolapo. Kenaka anandifunsa kuti, "Nanga kutchalitchi, zaka zonsezi mwakhala mukutimva tikuti Mzimu Mutuŵa. Inu mumayesa Mzimu wathu sadzola mafuta?" Ndinavomera kuti ndinkadabwa ndithu, koma ndinkaona kuti si ulemu kufunsa za Mulungu wa eni dera. Tinaseka mpaka misozi, titakhala pambali pa kabokosi kopsa. Kumeneko kunali kuseka kwathu komaliza.

1987, mlandu

A Chagunda atamva kuti Ngolo sidzakhala pa mdipiti, nkhope inagwa. Anali atalonjeza kwa anthu osalonjezedwa zabodza. Pasanathe sabata nkhani inafika ku boma, ndipo inafika itasintha. Sinalinso nkhani ya kabokosi kopsa, inali nkhani ya katundu wa boma wowonongedwa dala pofuna kuchititsa manyazi ulendo wa mlendo. Anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"A Mbewe, ndinu mwana wa kwathu, ndikuuzani mosabisa," anatero motsitsa mawu. "Pakufunika dzina. Za msonkhano zija musazitchule n'komwe, mukatero tonse tapita. Mukanene kuti Kayira anakuuzani waya wolakwika chifukwa cha kusasamala. Kusasamala, mwamva? Amuchotsa ntchito, apita kwawo kukalima, nkhani yatha. Mukayamba kufotokoza zambiri, anthu aja ayamba kufunsa zambiri, ndipo mukudziwa kuti munthuyu ali ndi mng'ono wake."

Ndinawafotokozera za mawu aja. Anagwira mutu. Anati nkhani ya zinenero ndi imene sakufuna kuimva n'komwe. Ndinatuluka ndisakudziwa kuti chabwino n'chiti. Kunena kuti a Kayira anali osasamala kunali kunama, ndipo kukanawachotsa ntchito atatsala pang'ono kupuma mwaulemu. Kunena zoona kunali kutsekula chitseko chimene sindinkadziwa kuti kuseri kwake kuli chiyani. Amayi anu anati ndimvere bwana. Ine ndinaona kuti mwini khosi ndi amene anene, choncho ndinapita kwa a Kayira n'kuwauza zonse.

Anakwiya, ndipo aka kanali koyamba kuwaona atakwiya. "Kusasamala? Ine? Galimoto imeneyi ndaiyendetsa musanayambe kumeta ndevu, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Ndipite kwathu ana anga azimva kuti adada anawachotsa chifukwa cha kusasamala? Yayi. Mukanene zimene zinachitika." Ndinawakumbutsa za mng'ono wawo. Anati asandidetse nkhawa, chifukwa pa mlanduwo padzakhala a tcheyamani a chipani a dera lathu, a Msiska, amene anakulira nawo limodzi ku Uraha, kudyetsa ng'ombe dambo limodzi. "Msiska akudziwa kuti utuŵa n'chiyani. Amayi ake ndi amayi anga ankatunga chitsime chimodzi. Akangonena kuti kwathu timatero, nkhani yatha."

Ndinaganiza kuti akunena zanzeru. Ndinadula tizidutswa tiwiri ta mawaya aja n'kuika m'thumba.

Mlandu unakambidwira m'chipinda china ku boma. Kutsogolo kunakhala anthu atatu: a Chagunda, a Msiska, ndi bambo wina wa polisi wosavala yunifolomu, woyankhula Chichewa cha kummwera, amene sanatiuze dzina lake. Atandifunsa, ndinafotokoza zonse kupatula za lole ija. Ndinati a Kayira anaona waya wolondola ndipo ananena zoona m'mene ankadziwira, inenso ndinamva zoona m'mene ndinkadziwira. Ndinatulutsa mawaya aja n'kuwaika pa tebulo. Ndinati mawu akuti kutuwa kuno amatanthauza ichi, kwathu amatanthauza icho.

Wapolisi uja anamwetulira. "Ndiye mukutiuza kuti chinenero cha dziko ndi chimene chawotcha katundu wa boma?"

Ndinati ayi, sindikutero.

"Kapena mukuti m'dziko muno muli Chichewa chiwiri, china cha kuno, china cha kwanu?"

Ndinati ayi. Sindinkadziwanso kuti ndikunena chiyani, chifukwa chilichonse chimene ndinanena chinkabwerera kwa ine chitavala zovala zina. Ndinangoti mwina a tcheyamani, monga mwini dera, angatithandize. Wapolisi anakankhira mawaya aja kwa a Msiska.

"Zoona. A tcheyamani, inu mumatsogolera anthu kuno, ndipo mumawayankhula m'chinenero cha dziko. Tatiuzani, wotuwa ndi uti?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndawachita a Msiska. Akanaloza woyera, akanavomera pamaso pa munthu ameneyo kuti nawonso m'mutu mwawo mumayenda Chitumbuka, ndiponso kuti akuikira kumbuyo mkulu wake wa munthu wothawa. Anayang'ana mawaya aja nthawi yaitali. A Kayira anali atakhala mowongoka, manja pa maondo, akuyang'ana mnzawo mwachidaliro. A Msiska anatambasula dzanja, n'kugunda waya wa phulusa.

"Wotuwa ndi uyu," anatero mokweza. "Chichewa n'chimodzi dziko lonse. Ngakhale mwana wa sukulu akudziwa."

"Ŵadada Msiska," anayamba a Kayira, koma wapolisi anawadula kuti ayankhule zomveka. Kenaka wapolisiyo anayamba kuwerenga mfundo zake pa zala. Anati a Kayira amadziwika pa ntchito ponse kuti Chichewa amachidziwa bwino kuposa anzawo, ndipo a Chagunda anavomera ndi mutu, popeza zinali zoona. Anati a tcheyamani, munthu wa mudzi umodzi ndi a Kayira, atsimikiza kuti kuno wotuwa ndi wotuwa. Ndiye kuti munthu wodziwa Chichewa anaona waya woyera, n'kuuza mnzake kuti alumikize wotuwa, wa moto. "Kusasamala kukanakhala kwina," anatero. "Uku n'kudziwa." Ine anandiuza kuti ndizipita. A Kayira anawauza kuti atsale.

Ndinatuluka ndekha. Chimene chinkandipweteka mutu n'chakuti m'chipinda chimenecho munalibe amene ananena bodza loti ungaligwire. Waya amene a Msiska analoza analidi wotuwa. A Kayira ankachidziwadi Chichewa. Inenso ndinanena zoona zokhazokha. Koma munthu anatsala m'manja mwa apolisi, ndipo bodza la a Chagunda, limene ndinalikana, likanamutumiza kwawo tsiku lomwelo kukadya ndi ana ake. Ndakhala ndikuisinkhasinkha nkhani imeneyi zaka zonsezi, ndipo ikafika pamenepa imandithawa.

Mlendo wamkulu anabwera n'kupita. Galimoto zinali zambiri moti palibe anafunsa za Ngolo. Ine ndinachotsa kachitsulo ka mano kaja, n'kupala mapointi akale a Ngolo mpaka analowa pamalo pake, ndipo injini ya ku Japan inalira ndi mapointi achingerezi popanda kabokosi. Inayenda choncho zaka zambiri, ndi dalaivala wina.

1988, Uraha

Apolisi anawasunga a Kayira dzinja lonse. Sanawatengere ku khoti, ndipo atawatulutsa sanawauze chifukwa. Ntchito inali itatha. Ine ndinali nditalandira kalata yondisamutsira ku Kasungu, ndipo ndinaona kuti sindingachoke osawaona. Ndinabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku Uraha, ndisakudziwa ngati andilandira.

Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, ataonda, tsitsi litachita imvi lonse. Anaimirira movutikira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Anandipatsa mpando wawo. Ndinawapatsa moni m'Chichewa monga mwa masiku onse, iwo n'kuyankha m'Chitumbuka. Ndinayesa kuti ndi moni chabe. Ndinafunsa za thupi, anayankhanso m'Chitumbuka, mawu ambiri, akundiyang'ana m'maso mokoma mtima. Ine zaka zonse zimene ndinakhala ku Karonga ndinangotola moni ndi mayina a nsomba, chifukwa aliyense ankandiyankhula m'chinenero changa. Akazi awo, mayi NyaGondwe, anabwera n'kukhala pa mphasa pakati pathu.

"Akuti mwachita bwino kubwera," anatero mayiwo. "Akuti musadandaule, inu alibe nanu mlandu, munanena zimene anakutumani."

Ndinati ndathokoza, koma bwanji sakundiuza okha.

Mayiwo anayang'ana pansi. "Chibwerereni sanayankhulepo Chichewa, ngakhale ndi a nesi kuchipatala. Akuti chawo chonse anachisiya kupolisi. Kumeneko ankawafunsa m'Chichewa, ndipo akayankha bwino ankati mwaona, amachidziwa."

Tinacheza choncho mpaka dzuwa linapendeka. Ine ndikanena, a Kayira ankamva zonse, ankagwedeza mutu ndisanamalize, nthawi zina n'kumwetulira. Iwo akanena, ndinkadikira mayi NyaGondwe. Anafunsa za Ngolo, ndipo nditawauza za mapointi anaseka pang'ono n'kunena kanthu, mayiwo n'kuti, "Akuti anthu a ku Dedza nzeru zanu zimachedwa koma zimafika." Za a Msiska sanatchule, inenso sindinafunse. Ndinali ndi chisoni chachikulu, ana anga. Munthu amene ndinagona naye pansi pa galimoto zaka zonse zija, mapewa akugundana, tsopano anali pafupi pomwepa koma mawu ake ankayenera kudzera mwa munthu wina kuti andipeze.

Nditatsanzika, mayi NyaGondwe analowa m'nyumba kukanditapira mpunga. A Kayira anandiperekeza okha mpaka pa msewu, akukankha njinga yanga. Pamenepo anaima, n'kundigwira dzanja osalisiya, ndipo anayankhula kwa kanthawi ndithu, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akukonzekera mawu ake. Maso awo anali atalengeza misozi. Atamaliza anadikira kuti ndiyankhe. Ndinayang'ana kunyumba, koma mayiwo anali asanatuluke. Ndinangoti yewo, mawu amodzi othokoza amene ndinkawadziwa, ndipo iwo anagwedeza mutu n'kubwerera.

Anamwalira ine ndili ku Kasungu, uthenga n'kundipeza maliro ataikidwa kale. Zimene anandiuza pa msewu paja sindikuzidziwa mpaka lero.